Kumene mapaipi adakapumira ntchito

Ndifotokoze za tsiku limodzi la ulendo wanga wa ku Japan. Papita zaka chibwerereni, koma tsikulo lidakana kuchoka m'mutu mwanga, ndipo mwezi wathawu nditapita kumudzi ndidaona kanthu kamene kandichititsa kuti ndigwire cholembera.

Ine ndimagwira ntchito ya zamadzi. Mu 2022, maulendo atayambiranso pambuyo pa mliri wa Covid-19, adanditumiza kumaphunziro a masabata asanu ndi limodzi mumzinda wa Nagoya. Tidalipo anthu a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa ndi ku Asia, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu nkhani idali ya mapaipi, mamita ndi madzi otayika m'njira. Loweruka lidali lathu. Amene adayendapo maulendo otere akudziwa ntchito ya Loweruka: kusakasaka mafoni, malaputopu ndi nsapato za ana, poti ukamatsika ndege ku Lumbadzi moni amabwera pambuyo, choyamba ndi “mwatitengera chiyani?” Nanenso ndidasaka nawo, sindikudziyeretsa.

Sabata yachitatu, mayi wachikulire amene ankatimasulira m'kalasi adandiitanira pambali. “Bambo, ndaona kuti inu mapaipi mumawakonda zenizeni,” adatero akumwetulira. “Mawa tiyeni mukaone kumene mapaipi adakapumira ntchito.” Sindidamvetse, koma ndidavomera. Pagulu lonse tidapezeka awiri okha, ine ndi mnzanga wina wa ku Ghana amene ndalama zogulira zinthu zidali zitamuthera kale.

Tidakwera sitima ya Meitetsu kulowera kummwera, ndipo ola lisadakwane tidatsika pa Tokoname. Ndi tawuni ya m'mbali mwa nyanja, ya anthu osafika 60,000. Alendo ambiri amangoidutsa pothamangira ndege, chifukwa bwalo lalikulu la Centrair, limene lidatsegulidwa mu 2005, lili pachilumba chochita kupanga pafupi pomwepo. Ukatuluka pasiteshoni palibe chodabwitsa: msewu, magalimoto, masitolo. Koma utayenda pang'ono n'kukweza maso, umangoona chimutu cha mphaka chikusuzumira pamwamba pa khoma, dzanja lili m'mwamba. M'lifupi mwake ndi mamita oposa sikisi. Amachitcha Tokonyan. Tawuniyi ndiyo imaumba timphaka tambiri timene eni masitolo ku Japan amaika pakhomo kuti tizikodola makasitomala. Mnzanga uja adaseka n'kunena kuti kwawo wagolosale woika mphaka wotere pakauntala, mudzi wonse ungadziwe komwe akutenga chuma. Ndidamuuza kuti ndi kwathu komwe.

Kuseri kwa mphakayo ndiye kuli tawuni yakale. Kuli kanjira ka oyenda pansi kotalika makilomita 1.6, kokhotakhota, kokwera ndi kutsika m'kaphiri, kopapatiza moti galimoto siingadutse malo ambiri. Nyumba zake ndi zamatabwa akuda bii, opakidwa phula kuti mphepo ya mchere yochokera kunyanja isawadye. Uku ndi uko kwaima machumuni a njerwa, ena athunthu, ena odulidwa pakati, ena atamera udzu pamwamba. Palibe ndi imodzi yomwe imene inkatuluka utsi.

Tsono tidafika pamtsetse wotchedwa Dokanzaka, ndipo apa ndi pamene ndidamvetsa mawu a mayi aja. Khoma la mbali imodzi ya njirayo ndi mapaipi adothi okhaokha, osanjikizana kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wa munthu. Mbali inayo ndi mitsuko yofiirira imene kale ankasungiramo shochu, kachasu wa kumeneko, yogonekedwa kukamwa kuli kubisala. Pansi pamene tinkapondapo adakwirira timikombero tadothi timene tinkatsala pootcha mapaipi, kuti munthu asaterereke mvula ikagwa. Zonsezi zidali zotsala, zopindika, zong'aluka pang'ono, zimene wogula adazikana. Eni tawuni sadakazitaye kudzala. Adamangira makoma otchinga dothi la m'phiri kuti lisagumukire nyumba, ndipo makomawo agwira ntchito zaka zambirimbiri.

Ndidagogoda paipi imodzi ndi kiyi. Idalira ngati belu. Munthu wa ntchito yanga akamva kulira kotero amadziwa kuti dothilo lidapsa mpaka mkati. Ndidakumbuka mulu wa mapaipi akale umene uli kuseri kwa malo ena amene ndidagwirapo ntchito, momwe mudamera nsenjere ndipo mumabisala njoka. Zaka zonsezo tinkangodikira kalata yotiloleza kuwataya.

Mayi aja adatifotokozera mbiri tikuyenda. Anthu a dera limeneli adayamba kuotcha mbiya cha m'ma 1100, ndipo Tokoname ndi amodzi mwa malo asanu ndi amodzi akalekale oumbira zinthu ku Japan amene sadasiyepo ntchitoyi mpaka lero. Poti ali m'mbali mwa nyanja, mitsuko yawo ikuluikulu inkayenda pa zombo kufika kutali. Dziko litayamba kumanga mizinda yamakono cha m'ma 1870, oumba mitsuko aja adatembenukira ku mapaipi a zonyansa ndi a ngalande, ndipo tawuni idalemera. Ngakhale njerwa za hotela yotchuka ya Imperial ku Tokyo, imene adajambula Frank Lloyd Wright ndipo idatsegulidwa mu 1923, zidaotchedwa kuno. Machumuni adalipo mazanamazana, utsi wa malasha uli tolo tsiku lonse. Kenako kudabwera mapaipi apulasitiki ndi a simenti, opepuka kapena otchipa, ndipo mafakitale adayamba kutseka imodziimodzi. Ndidachita manyazi pang'ono, chifukwa mapaipi amene adapha ntchito ya tawuniyi ndi omwewo amene ine ndimakwirira tsiku ndi tsiku.

Kumtunda kwa kanjirako kuli ng'anjo yaikulu imene adaimanga mu 1887 ndipo idagwira ntchito mpaka mu 1974. Idagona chokwera phiri ngati chinyama, ili ndi zipinda zisanu ndi zitatu zolumikizana. Moto ukayatsidwa kumunsi, kutentha kumakwera kokha kuchoka chipinda china kulowa china, kotero kuti moto wa chipinda choyamba umayamba kale kuumitsa katundu wa chipinda chachiwiri. Kumapeto kwake kuli machumuni khumi pamzere, a m'mphepete aatali, apakati aafupi, kuti mpweya uzikoka mofanana ndipo mbiya za m'mbali zisatuluke zosapsa. Palibe injiniya wa digiri amene adawerengera zimenezi. Ndi anthu amene adaotcha, nalephera, naotchanso.

Nditasuzumira m'chipinda chimodzi, fungo la dothi lopsa lidandibwezera kwathu ku Ntcheu. Agogo anga aakazi adali woumba mbiya. Chilimwe chikafika ankapita kumtapo kudambo ndi amayi anzawo, ife anyamata ankatithamangitsa. Dongolo ankalisinja, kuchotsa timiyala, n'kuliumba ndi manja okha, kusalaza ndi chitsononkho, kenako kukulungiza ndi nkhulungo mpaka mbiya kuwala. Zikauma pamthunzi ankaziunjikira nkhuni ndi makungwa pabwalo n'kuyatsa madzulo mphepo itadekha. Mtengo wa mphika udali chimanga chodzaza mphika womwewo. Atamwalira palibe adatola nkhulungo yawo. Amayi anga adali atagula kale ndowa zapulasitiki ndi mapoto, ndipo ife tidapita kusukulu kuti tisadzagwire dothi. Ku Tokoname ndidamva kuti mu 1998 boma la Japan lidalemekeza woumba timiphika ta tiyi wa m'tawuniyi, Yamada Jozan wachitatu, pomutcha chuma chamoyo cha dziko. Agogo anga dzina lawo silidalembedwe ngakhale pamanda.

Tikutsika kuchokera kung'anjoko ndidamva nyimbo. Poyamba ndidayesa wailesi ya m'nyumba ya munthu, koma mawuwo sadali a Chijapani. Adali mawu a mayi wachikuda wa ku America, aja okoka kuchokera pansi pa mimba ngati a m'kwaya ya chitsitsimutso. Ankachokera m'nyumba yakale yamatabwa pafupi ndi fakitale ya mapaipi yotsekedwa. Pakhomo padali nsapato zingapo. Mayi aja adati nthawi imeneyo kudali chionetsero chachikulu cha zaluso cha chigawo cha Aichi, chimene chimachitika pakatha zaka zitatu zilizonse, ndipo nyumba zina zakale za m'tawuniyi adazipereka kwa amisiri kuti achitemo zimene akufuna. Iyi adaipereka kwa munthu wotchedwa Theaster Gates, wa ku Chicago, ndipo adaitcha The Listening House, kutanthauza nyumba yomvetseramo.

Tidavula nsapato n'kulowa. Ndinene zoona, ndinkayembekeza zithunzi pakhoma ndi munthu wotilondera kuti tisakhudze. M'malo mwake tidapeza nyumba ya anthu, ya mikeka yake ndi zitseko zake zokoka, momwe kale munkakhala eni fakitale. Mudali zoumba, kuwala kwa magetsi a neon, ndi malekodi akale aja akuda ozungulira. Mtsikana amene ankayang'anira adatiuza kuti malekodiwo adali a malemu Marva Jolly, mayi woumba mbiya wa ku Chicago. Anthu adangokhala pansi phee, achikulire a m'tawuni momwemo ndi achinyamata ochokera ku Nagoya, kumvetsera nyimbo za m'nyumba ya mayi amene sadamuonepo. Ndidakhala nawo. Ndidati ndikhala mphindi zisanu, ndidatha pafupifupi ola.

Usiku umenewo ndi masiku otsatira ndidafufuza za mkuluyu, ndipo ndikufuna awerengi amve mbiri yake chifukwa ndi imene yandisautsa.

Ntchito yake ilibe dzina limodzi. Ena amati ndi woumba, ena amati ndi wokonza mizinda, ena amati ndi woimba chifukwa ali ndi gulu lake loimba. Chimene amachita kwenikweni ndi kutenga malo amene anthu adawataya, nyumba yogumuka, banki yotsekedwa, sukulu yopanda ana, n'kuwalinganiza mwatsopano kuti anthu akhale ndi chifukwa cholowamonso. Adabadwa mu 1973 ku Chicago, mzime m'banja la ana asanu ndi anayi, mwamuna yekhayo. Bambo ake adali mmisiri wofolera madenga ndi phula, ndipo mwanayo adakula akuthandiza ntchito yotentha ndi yonunkha imeneyo. Ku Iowa State University adaphunzira kakonzedwe ka mizinda pamodzi ndi zoumba, kenako adapita ku University of Cape Town ku South Africa komwe adaphunzira zaluso ndi zazipembedzo. Atabwerera kwawo adalembedwa ntchito ku bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima za mumzinda wa Chicago. Mbiya ankaumba pambali, ndipo palibe ankamudziwa.

Mu 2004 adabwera ku Tokoname. Anthu a m'tawuniyi, ataona kuti mafakitale akutha, adali atayambitsa mu 1985 ndondomeko yotchedwa IWCAT, yoitana oumba a m'maiko ena kuti adzakhale nawo kwa masabata angapo nyengo yotentha. Mlendo sankagona kuhotela. Ankamupatsa banja, kudya zimene banjalo likudya, kusamba mmene eni ake amasambira, m'mawa n'kupita kukagwira dothi pamodzi ndi akuluakulu amene akhala akuumba chinthu chimodzimodzi kwa zaka makumi anayi. Munthu wa madigiri ake adakhala pansi n'kuyambiranso ngati mwana. Kudziko kumene adachokera, wophunzira zaluso amamulimbikitsa kuti apange chachilendo chimene wina sadapangepo. Kuno adapeza anthu amene ulemu wawo uli pa kubwereza mbale imodzi mpaka dzanja lidziwe lokha, anthu amene sataya phale.

Apa ndi pamene ndidadzifunsa za ulendo wanga. Masabata asanu ndi limodzi ndidagona m'chipinda chotsegula ndi kadi, kudya m'kantini ndi alendo anzanga, kukwera basi yotitenga ndi kutibweza. Ndidaphunzira zambiri, sindikunyoza, ndipo satifiketi ili pakhoma. Koma nyumba ya Mjapani yokhayo imene ndidalowamo ulendo wonse idali ija, ndipo adanditsegulira ndi munthu wakuda wa ku Chicago.

Atabwerera kwawo, mbiya zake sizidayende malonda. Tsono mu 2007 adachita chinthu chimene chimandiseketsa ndi kundipweteka nthawi imodzi. Adapeka munthu. Adati kudali katswiri woumba wa ku Japan dzina lake Shoji Yamaguchi, amene adasamukira ku Mississippi atamva za dongo labwino la kumeneko, nakwatira mayi wachikuda womenyera ufulu wa anthu akuda. Adakonza madyerero ku Hyde Park Art Center ku Chicago, chakudya cha Chijapani chosakaniza ndi cha anthu akuda a kummwera kwa America, m'mbale zimene ankati zikutsata luso la Yamaguchi. Adalemba ganyu ngakhale munthu wa zisudzo kuti akhale mwana wa Yamaguchiyo. Anthu adagoma nazo mbalezo. Chonsecho Yamaguchi kudalibe, mbale zonse adaumba yekha Gates, yemwe uja ankamudutsa pamsika.

Ife a kuno nkhani imeneyi sitifunika kuimasulira. Telala wa pa Ndirande akasoka malaya bwinobwino amasokerera kachikwangwani ka dzina lachizungu pakolala kuti tigule. Mpando wa mmisiri wa pamsewu timaunyoza mtengo, womwewo ukalowa m'sitolo ya magalasi timalipira osanenerera. Kusiyana kwake n'kwakuti Gates bodza lakelo adadzaliulula yekha, poti cholinga chake chidali choti anthu adzione mmene amaonera.

Zimene adachita pambuyo pake ndi zimene zidamutchukitsa. Adali atagula kanyumba pamsewu wa Dorchester, kummwera kwa Chicago, dera la anthu akuda komwe masitolo ndi mabanki adathawako kalekale. Chuma cha America chitagwa mu 2008, nyumba zoyandikana nazo zidasanduka mabwinja. Iye adagula ina motchipa, naikonza ndi matabwa otola m'nyumba zogwetsedwa, n'kuikamo mabuku 14,000 a sitolo ina ya mabuku a zomangamanga imene idatsekedwa. M'nyumba ina adaikamo malekodi a sitolo ya nyimbo ya m'deralo imene idatsekedwanso. Adayamba kuitana anthu kudzadya, kudzawerenga, kudzaonera mafilimu. Ndikaganiza za khoma la mapaipi okanidwa lija la pa Dokanzaka, sindivutika kuona komwe diso limeneli lidanoledwa.

Chachikulu chidali banki. Pamsewu wa Stony Island padali chinyumba cha banki cha 1923, cha nsanamira zikuluzikulu, chimene chidakhala chotseka zaka pafupifupi makumi atatu, denga likudontha, chipinda chapansi chitadzaza madzi. Akuluakulu a mzinda adali atatsala pang'ono kuchigwetsa. Gates adachigula pa dola imodzi, pa pangano lakuti apeze yekha ndalama zochikonzera. Adachotsa miyala yosalala ya mabo m'chinyumbacho, naidula tizidutswa, nalembapo mawu ngati chikalata cha banki n'kusainira, ndipo mu 2013 adakaigulitsa ku chionetsero cha anthu olemera cha Art Basel ku Switzerland pa madola 5,000 kachidutswa kamodzi. Kunena kwina, chinyumbacho chidalipira chokha chipatala chake. Chidatsegulidwa mu 2015. Mkati mwake muli mabuku a kampani ya Johnson, imene inkasindikiza magazini a Ebony ndi Jet, m'mashelefu ofika kudenga. Muli malekodi a Frankie Knuckles, amene amatchedwa tate wa nyimbo za house. Panja adaimikapo chisakasa cha m'paki ya ku Cleveland, pamene wapolisi adawombera mwana wa zaka 12, Tamir Rice, mu 2014. Chisakasacho chidali choti chichotsedwe, ndipo mayi a mwanayo adavomera kuti chikasungidwe kumeneko.

Mnzanga wa ku Ghana uja sadagwidwe nazo mtima ngati ine. Pobwerera m'sitima adandiuza kuti izi ndi za anthu okhuta. Adati munthu wa njala safuna nyumba yomvetseramo nyimbo, amafuna mpopi wotuluka madzi. Masiku otsatira, nditamuonetsa zimene ndidapeza, adawonjeza kuti zinthu za Gates zimagulitsidwa m'nyumba za zaluso za ku London pa ndalama zimene woumba wa ku Tokoname sangazione moyo wake wonse, nanga phindu ndi la yani? Funsoli si lopusa. Ku Chicago komweko alipo amene amafunsa ngati kukongoletsa dera sikudzakweza mitengo ya nyumba mpaka eni dera n'kusamuka, ndiponso ngati n'koyenera kuti munthu mmodzi akhale ndi nyumba zambiri chotero m'dera la anthu osauka. Komanso tisaiwale kuti njira yakeyi imayenda chifukwa kuli anthu olemera okonzeka kugula kachidutswa ka mwala pa madola 5,000. Pa Limbe kapena pa Mzuzu wogula wotere mungamupeze kuti?

Koma pa za mpopi ndidamutsutsa, ndipo ndikumutsutsabe. Ine mipopi ndiyo ntchito yanga, ndipo ndaona ndi maso anga mijigo ndi makiyosiki a madzi atafa chaka chimodzi chitangotha chiwatsegulireni ndi nyimbo ndi magule. Sikuti zipangizo zidali zoipa. Anthu sadawaone ngati awo. Malo amene munthu sakhalapo pansi, sacheza, sakumbukirapo kanthu, sawasamala ngakhale atamangidwa ndi ndalama zochuluka bwanji. Chimene mkulu uja amadziwa, chimene ife a mapaipi sitiphunzitsidwa, ndi kupangitsa anthu kumva kuti malo ndi awo. M'nyumba ija ya ku Tokoname ndidaona agogo ena aamuna atatsamira chipupa, maso ali otseka, chala chikugunda pabondo. Mayi otimasulira aja adawafunsa, ndipo adati adagwirapo ntchito m'fakitale ina ya mapaipi ali mnyamata, ndipo nyumba ya abwana ngati imeneyi sankailowa. Tsiku limenelo adali atabwera kachitatu.

Chinanso chimene ndidamuuza mnzangayo n'chakuti munthuyu adabwerera. Ambirife tikapita kunja kukaphunzira timatenga zathu n'kutsanzika, mwina kutumiza uthenga umodzi wa pa WhatsApp, basi. Iye wakhala akubwerera ku Tokoname kwa zaka makumi awiri, kuumba ndi kuotcha ndi anthu omwe aja, kuwapatsa ntchito, kutchula tawuni yawo kulikonse kumene wapita. Chaka chomwecho cha 2022 adamanga kachisi wakuda wozungulira m'paki ya Kensington Gardens ku London, wotchedwa Black Chapel, wooneka ngati ng'anjo yootchera mbiya, wotseguka pamwamba kuti kuwala ndi mvula zizilowa. Mkati adapachikamo zithunzi zopaka ndi phula pokumbukira bambo ake amene adamwalira chaka chimenecho, ndipo panja adaikapo belu la tchalitchi china cha kwawo chimene chidagwetsedwa. Mu 2024 adachita chionetsero chachikulu ku Mori Art Museum mumzinda wa Tokyo, nachitcha Afro-Mingei. Mingei ndi ganizo limene Yanagi Soetsu ndi anzake adayambitsa m'zaka za m'ma 1920, lakuti kukongola kwenikweni kuli m'ziwiya wamba za tsiku ndi tsiku zopangidwa ndi amisiri osatchuka maina. Gates adaliphatikiza ndi mfuu ya anthu akuda a ku America yakuti khungu lakuda ndi lokongola. Nditawerenga zimenezi ndidaganiza za mtsuko wa agogo umene unkakhala pakona ya nyumba, madzi ake ozizira kuposa a mufiriji, onunkhira dothi.

Tisadachoke ku Tokoname tsiku lija ndidalowa m'kasitolo ka woumba wina wokalamba. Ndidagula kamphika ka tiyi kofiira, kosapaka kanthu, kogwirira m'mbali, kakang'ono ngati chibakera. Kufiirako ndi chitsulo chimene chili m'dongo la kumeneko, ndipo eni ake amati chimachepetsa kuwawa kwa tiyi. Mkuluyo adandionetsa chivindikiro: adathira madzi, natseka kabowo ka pamwamba ndi chala, napendeketsa, madzi osatuluka ngakhale dontho. Mtengo wake udali wa nsapato za mwana wanga wamng'ono, ndipo nsapatozo sindidagule. Kunyumba nkhani imeneyi idatenga masiku kuti izizire.

Tsono mwezi wathawu ndidapita kumudzi kukaona amayi, nditatenga mwana wanga wamkazi wa Fomu 2. Ndikuzungulira kuseri kwa khola ndidaona mbiya itagonekedwa chammbali, kukamwa kutabenthuka, mkati muli nkhuku ikufungatira. Ndidaizindikira ndi mizere ya pakhosi pake, itatu yopingasa ndi timadontho, chizindikiro cha agogo. Amayi adati ndi yomaliza, zina zonse zidasweka. Ndidafunsa ngati m'dera lathu mudatsala woumba. Adaganiza nthawi yaitali, kenako adati alipo gogo mmodzi kutsidya kwa mtsinje, koma maso ayamba kuvuta.

Tidawoloka m'mawa mwake. Tidawapeza akusenda nyemba pakhonde. Nditapereka moni n'kufotokoza kuti ndine mdzukulu wa uje, adandiyang'ana kuyambira kunsapato.

“Mwabwera ndi bungwe liti, bambo?”

“Palibe bungwe, agogo. Ndabwera ndi mwanayu. Ndimati mwina mungamuphunzitseko kuumba.”

Adaseka mpaka kutsokomola. Adati zidzukulu zawo zomwe zimathawa dongo, ndiye wa m'tauni adzalimba? Mwana wanga, amene ndinkayesa kuti akwiya, adafunsa ngati angaone nkhulungo yawo. Gogoyo adalowa m'nyumba, natuluka ndi kamwala kakuda kosalala ngati dzira, nati adakalandira kwa amayi awo. Mtsikanayo adakagwira ndi manja awiri.

“Pano mtapo wadzaza madzi,” adatero gogoyo. “Abwere mukakolola, sukulu akatsekera. Koma zobwera m'mawa n'kubwerera madzulo ine ayi. Adzagone konkuno, adzadye zimene ndikudya ine. Inu abambo ake musadzabwere kumtapo.”

Ndidavomera zonse. Ndidafunsa kuti ndidzalipire zingati. Adati shuga ndi mchere, ndipo mphika woyamba ukadzapsa osasweka udzakhala wawo. Tikunyamuka adamugwira mwanayo dzanja, nalitembenuza, nayang'anitsitsa zikhadabo zake zazitali zopaka utoto.

“Izi adzawenge asadabwere,” adatero.